Anandisankha Kuti Ndisenze Mlandu wa Perefyumu

1

Dzina langa ndi Tupochile. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Erdington, ndipo panopa abale anga sakundiyankhula. Ndikufuna chifukwa chake muchimve kuchokera kwa ine, popeza zimene zikuyenda m'magulu a pafoni a Amalawi a ku Birmingham n'zabodza zokhazokha.

Kuno anandiitanitsa ndi achemwali anga a Nellie, mwana wa amayi aakulu. Iwo ndi namwino pachipatala cha boma. Amuna awo a Lackson ndi mkulu wa mpingo, uja amalandira alendo pakhomo la tchalitchi ndi manja awiri. Anandipezera care home yondipatsa visa, n'kundipatsanso kachipinda m'nyumba mwawo. Tsiku lonyamuka kwathu ku Liwonde, amayi anandigwira pamkono.

"Kumeneko mayi ako ndi Nellie. Akati khala, ukhale. Usakatichititse manyazi ngati Patience."

Patience ndi mwana wa malemu amayi aang'ono. Anabwera ku England ine ndisanabwere, koma pasanathe zaka ziwiri anali atabwerera kumudzi ndi kachikwama kamodzi. Zinamveka kuti anasokonekera ndi amuna mpaka a Nellie anamulephera. Iye sanatsutse. Anangoyala kabenchi ka tomato pamsewu n'kukhala chete.

Ine ndinalumbira kuti sindidzakhala Patience. Ndinkagwira ma shift aatali, ndikaweruka n'kuchapa ndi kuphikira nyumba yonse. Loweruka ndikakhala off, ndinkapita kukagulitsa patebulo la alamu.

2

Tebulolo tinkaliyala pamsika wa pabwalo kufupi ndi Bilston, kumene anthu amagulitsa katundu wochokera kumbuyo kwa galimoto. Ife tinali ndi perefyumu wa mayina akuluakulu, zopaka kumaso ndi zopaka m'milomo, zonse m'timabokosi tonyezimira. Mtengo wake unali wotsika moti tsiku lina ndinafunsa.

"Alamu, zimatchipa bwanji chonchi? M'town botolo lomweli sindingalikhudze n'komwe."

"Ndi end of line, mlamu wanga. Ma warehouse akafuna malo amangotaya. Wabwera liti kuno kuti uyambe kale mafunso a misonkho?"

Anaseka, inenso ndinaseka. Munthu amene ukugona m'nyumba mwake sumufunsa kawiri.

Woyendetsa vani ya alamu anali Everton, mnyamata wa ku Lilongwe amene anakulira kuno, wa pasipoti yake ya Britain. Ankandiseketsa mpaka misozi. Ndi amene anandiphunzitsa mabasi, ndi amene anandigulira jekete yanga yoyamba ya nthawi yozizira. Atandifunsira, a Nellie anandikokera kukhitchini.

"Ameneyu ndi wa mapepala ake. Usamutaye ndi kukamwa kwakoko."

Ndi Everton yemweyo amene analembetsa malo a tebulo m'dzina langa. Anati n'zondithandiza, kuti ndiyambe kukhala ndi history ya business.

Loweruka lina kunabwera mayi wachizungu amene ndinamugulitsa botolo sabata yapitayo. Sanapereke moni. Anangotsitsa sikafu yake. Khosi lonse linali matuza, ena ataphulika, akuchucha madzi achikasu mpaka m'kolala. Ankayankhula Chingerezi cha anthu a m'dera limenelo la Black Country, chothamanga, ndipo ndinangotolamo mawu oti dokotala ndi oti manyazi. Ndinatembenuka kuti Everton amuyankhe. Panalibe. Anali atapita kukagula tiyi.

Atabwerako ndinamufotokozera.

"Khungu la azungu ndi la pepala," anatero akupemerera tiyi wake. "Ngakhale sopo amatupa naye. Iwale."

Patapita masabata angapo anafika anthu awiri ovala mabaji, wapolisi ali pambuyo pawo. Anati ndi a Trading Standards, anthu a khonsolo amene amalondola katundu wachinyengo. Everton anali atapitanso kukagula tiyi. Analongedza tebulo lonse m'matumba apulasitiki anthu akuonerera.

"Katunduyu ndi wa ndani?" anandifunsa mayi amene ankatsogolera. "Malowa alembedwa m'dzina lanu."

Lilime langa, limene kwathu amaliopa, linauma. Ndinangoti ndiyenera kufunsa kaye akuluakulu. Mayiyo anati adzandiitana ku ofesi kukayankha mafunso ojambulidwa mawu, ndipo ndili ndi ufulu wobwera ndi loya.

3

M'mawa mwake linali Lamlungu. Alamu anawerenga zolengeza kutchalitchi ndi mawu awo ofatsa aja, n'kupempherera odwala. Titangotuluka, anatikweza m'vani, ine, a Nellie ndi Everton, tidakali m'zovala za kutchalitchi. Tinakaima ku Oldbury, kuseri kwa malo okonzera matayala, pamene pali mzere wa magalaja a lendi.

"Tichotse zonse lero," anatero alamu. "Akhoza kulondola."

Atakweza chitseko, fungo linandimenya pakhosi. Warehouse ija inali imeneyi. Zigubu zabuluu zopanda dzina, mabeseni, mafanelo akuda ndi litsiro, mipukutu ya ma label, timabokosi tonyezimira tija tili topindapinda mpaka kudenga. Pathireyi pamene ankaumitsira zopaka m'milomo panali zitosi za makoswe, zina zitamatirira pa utoto wofiira. Chimbudzi panalibe. Pakona panali chigubu chodulidwa pakati, chodzaza mkodzo wa masiku ambiri, ndipo fanelo imodzi inali itagona pambali pake, pansi ponyowa.

Ndinathamangira panja n'kusanza pa nsapato zanga za kutchalitchi.

Nditabwerera ndinapeza a Nellie atavala magolovesi a kuchipatala, awiri dzanja lililonse.

"Achemwali, inu mwavala magolovesi. Anthu aja ndinkawauza kuti azipaka kumaso."

"Nyamula makatoni. Ulaliki tamva kale m'mawa."

Ndinanyamula. Tinakatutira zonse m'shedi ya kuseri kwa nyumba imene Everton ankachita lendi. Palibe anaganiza zondibisira malowo. Kwa iwo ine ndinali mwana, ndipo mwana saulula za akuluakulu.

4

Madzulo ake kunali msonkhano wa banja. Foni anaitsamiritsa pa Baibulo patebulo la pabalaza, ndipo pagalasi panatulukira nkhope ya amalume a Gray, mwinimbumba wathu, ali pakhonde ku Liwonde. Alamu ndi a Nellie anakhala pasofa. Ine ndinakhala pansi pakapeti, miyendo nditapinda, chifukwa mtsikana sakhala pampando pamaso pa amalume, ngakhale amalumewo ali m'foni.

"Nkhani ndaimva," anayamba amalume. "Mlanduwu walowa m'banja, ndiye banja liona woti ausenze. Nellie ndi namwino. Akangomutchula, amulanda ntchito. Ali ndi ana kusukulu, ndiponso ndi amene akumangira amayi ako nyumba. A Lackson ndi mkulu wa mpingo. Iwe, Tupochile, ulibe mwana, ulibe mwamuna. Ukapita ku ofesiko ukagwade. Ukanene kuti katundu ndi wako, unagula kwa munthu wosamudziwa, ukapepese. Azungu amamva chisoni ndi mtsikana wolira."

"Ndi fine chabe, mlamu wanga," anawonjezera alamu. "Tilipira ife. Iwe sutulutsa kalikonse."

Koma ine ndinali nditawerenga kale pafoni. Sukulu ndinalekeza Fomu 4, koma chimene chandikwiyitsa ndimachiwerenga mpaka ndichimvetse.

"Amalume, lamulo la kuno likuti wogulitsa katundu wa dzina lakuba akhoza kukhala kundende mpaka zaka khumi. Ngakhale asandimange, mlanduwo uzidzaoneka akamandifufuza kuntchito. Wosamalira okalamba aliyense amamufufuza. Ntchito ikatha, visa yanga yatha."

"Zauloya waphunzira liti?" anatero a Nellie.

"Pafoni, achemwali. N'zaulere."

"Ukuyankha amalume mawu ali m'kamwa?"

"Ndikufunsa chabe. Zigubu zija ndinadzaza ndine? Mkodzo uja ndi wanga?"

Alamu anatsokomola. Amalume anatembenuza foni, ndipo ndinaona amayi anga atakhala pamkeka, akuyang'ana manja awo.

"Tupo," anatero osadzutsa mutu. "Mvera."

5

Everton anabwera kuntchito kwanga pa nthawi ya break. Tinakhala m'vani, mvula ikuwaza pagalasi. Sanaseke tsiku limenelo. Anandigwira dzanja.

"Ndikudziwa kuti si chilungamo, Tupo. Ndawauza a Lackson m'maso muli gwa. Koma tamvera. Tiyerekeze zavuta, ntchito yatha. Ine ndili ndi pasipoti ya kuno. Tikwatirana, ukhala pa dzina langa. Ngakhale atakubweza kumudzi, ndibwera ndi ankhoswe, ndidzakukweza ndege ngati mkazi wanga. Ungopirira miyezi yochepa."

Anatulutsa mphete ya kamwala kowala n'kundiveka. Maso ake anali ofiira.

Mukhoza kundiseka, owerenga. Amalume ndikanawakana. A Nellie ndikanawakana mosangalala. Koma uyu anali munthu yekhayo amene ananena mawu oti si chilungamo, ndipo mawu amenewo ndi amene ndinkawafuna. Ndinavomera. Ndinayamba kuloweza bodza langa: munthu wosamudziwa, vani yoyera, sindinatenge nambala yake.

6

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndipite ku ofesi ija, ndili m'chipinda chochapira kuntchito, foni inalira. Nambala ya ku Malawi yosaidziwa.

"Tupo, ndine Patience."

Kuyambira pamene ndinafika kuno, anali asanandiimbirepo. Kumbuyo kwake kunkamveka malole ndi anthu otsatsa malonda.

"Ndamva amayi ako akunong'onezana ndi amalume. Akuuza kuti ukagwade?"

"Si nkhani yako, Patience."

"Tsiku limene anabwera a mabaji, Everton anapita kukagula tiyi?"

Ndinakhala pamulu wa mabulangete.

"Everton ukumudziwa bwanji?"

"Wakuveka kale mphete? Uivule ukamasamba. Yanga inandisiyira chala chobiriwira ndisanatere n'komwe pa Chileka."

Anafotokoza mosakweza mawu, ngati akuwerenga mitengo ya tomato. Nthawi yake tebulo linali kumsika wina, ndipo ankagulitsa majezi a mpira ndi zikwama. Malo analinso m'dzina lake. Anakhalanso pakapeti pomwepo, foni itatsamira Baibulo lomwelo. Iye analibe ngakhale mayi woti amuyang'ane. Anakavomera. Khoti silinamutsekere, koma linamupeza wolakwa, care home inamuchotsa, visa inadulidwa. Everton anamuperekeza kubwalo la ndege akulira, akulonjeza ankhoswe. Atafika ku Liwonde anapeza nambala yake itatsekedwa.

"Nanga za amuna zija?"

"Anapeka ndi achemwali akowo, kuti anthu asafunse zambiri. Mwamuna anali mmodzi, ndipo anandisankhira ndi iwo omwe."

"Bwanji sunanene?"

"Amalume anati ndikatsekula pakamwa, Nellie asiya kulipirira alongo anga sukulu. Chaka chino wotsiriza walemba mayeso. Ndiye ndaimba." Kenako anawonjezera: "Kutchalitchi kuja ambiri akudziwa, Tupo. Anakulandira ndi nyimbo, eti? Inenso anandiimbira."

Nditadula foni ndinavula mphete ija. Pansi pake khungu linali litayamba kale kusintha mtundu. Ndinasamba chalacho ndi sopo wa kuntchito mpaka chinatentha. Anthuwa sanandiitanitse ine. Anaitanitsa dzina loyera lolowa m'malo mwa lija linada, ndipo Everton anali mbali ya katundu wa patebulo.

7

Mtima wanga unkafuna ndikafike kunyumba ndikaswe mbale zonse. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaugwira. Ndikanakalipa, akanachenjera n'kusamutsanso katundu, shedi ija ikanagona yopanda kanthu.

Ndinauza mnzanga wa kuntchito Aisha, wa ku Mangochi. Iye anandiperekeza kumalo opereka uphungu wa malamulo mwaulere, ndipo anandipezera loya woti tikakumane ku ofesi ija. Kenako ndinavalanso mphete, ndinapita kunyumba, ndinaphika, ndinatsuka mbale. A Nellie anandisisita pamsana.

"Mawa usadzole kalikonse kumaso," anatero. "Uoneke wovutika."

Everton anandiperekeza yekha pa vani. Panjira ankandibwerezetsa bodza lija ngati mphunzitsi wa Sande sukulu.

Chipindacho chinali chaching'ono, chopanda zenera. Mayi wa baji uja anayatsa makina ojambulira mawu, n'kundichenjeza kuti zimene ndinene zikhoza kukagwiritsidwa ntchito kukhoti. Kenako anafunsa funso lomwe lija.

"Katunduyu ndi wa ndani?"

Sindinagwade. Ndinatchula a Lackson. Ndinatchula Everton. Ndinafotokoza za galaja ya ku Oldbury, za makoswe, za chigubu cha pakona, za shedi. Ndinavomera kuti ndinagulitsa ndi manja anga, ndiponso kuti ndinathandiza kututa. Loya anandigwira pamkono kuti ndipume, koma sindinathe.

"Pali winanso amene ankadziwa?"

A Nellie anandibereka kumsana ndili khanda. Anandigulira yunifolomu yanga yoyamba ya sukulu. Ndinaona nkhope ya amayi pamkeka paja. Kenako ndinaona khosi la matuza la mayi wa kumsika uja.

"Achemwali anga," ndinatero. "Ndi namwino. Ankadziwa bwino kuposa tonse."

Nditatuluka, Everton anali atatsamira vani.

"Zayenda bwanji, bebi? Walira?"

"Patience akupereka moni."

Nkhope yake inagwa ngati nsalu yonyowa. Ndinamuika mphete ija m'thumba la shati n'kupita pokwerera basi. Anathamangira kunyumba kwake, koma anapeza a mabaji atafika kale pageti.

8

Zovala zanga ndinazipeza panja m'matumba akuda a zinyalala. A Nellie anayankhulira pazenera la m'mwamba.

"Ndinakutola pafumbi, galu iwe."

"Munanditola kuti mundiponye, achemwali. Patience munamuponya kale."

Anatseka zenera.

Mlandu wa alamu ndi Everton uli kukhoti. A Nellie anawaimitsa kaye ntchito pamene bungwe la anamwino likuona nkhani yawo. Ine sanandizenge mlandu. Anandichenjeza, ndipo ndidzakaima ngati mboni. Manijala wanga ndinamuuza ndekha zonse asanamve kwina. Anangondifunsa ngati ndingagwire Loweruka, popeza tsopano ndilibe kopita. Ndikugona pasofa kwa Aisha.

Kutchalitchi anandichotsa m'gulu la pafoni tsiku lomwelo. Akuti ndinagulitsa abale anga kwa azungu chifukwa cha nsanje. Nyumba ya amayi inaima pa mawindo. Amalume anaimba kamodzi.

"Wadzidula wekha kumtundu. Ukadzafera kumeneko, mtembo wako adzautumiza ndani?"

"Ndalowa inshuwalansi ya maliro, amalume. Bokosi lidzafika lokha. Inu mungokonzekera zodzanena pamandapo."

Anadula.

Owerenga, ena mwa inu mukuti ndinaonjeza, kuti ndi perefyumu chabe, kuti makampani a mayina aja ndi olemera kale ndipo saluza kanthu. Inenso makampaniwo sindiwalirira. Koma botolo lotchipa lija lili ndi anthu awiri amene simuwaona mukamagula: amene adzapse khungu, ndi amene waimitsidwa kuseri kwa tebulo kuti tsiku loipa likafika womangidwa adzakhale iyeyo. Eni ake enieni saima patebulo. Ndipo inu amene muli kumudzi, amene mumakhala pakhonde n'kumagawa milandu ya kuno ngati mukugawa minda, dziwani kuti khoti la kuno silimva zoti banja lagwirizana. Limalemba dzina limodzi, ndipo dzinalo silifufutika.

Sindikunena kuti ndapambana. Ana a achemwali anga sanalakwe kanthu, ndipo sindikudziwa kuti mawa lawo likhala lotani. Zimenezo zimandidya. Koma akanandipatsanso tsiku lija, ndikanatchulanso mayina omwewo.

Amayi ndimawaimbira Lamlungu lililonse. Foni imalira mpaka kutopa. Sabata yatha inayankhidwa. Sanandipatse moni, sananene kalikonse. Ndinkangomva nkhuku pabwalo ndi kupuma kwawo. Ndinayamba kufotokoza kuyambira pachiyambi, mmene ndakufotokozerani inumu, ndikudikira kuti adule nthawi ina iliyonse.

Anamvetsera mpaka kumapeto.